Chimbale A kapena Chimbale B

Lolemba, 7 Okutobala 2024

Phukusi lafika pa basi ya ku Lusaka. Ndakalitenga ndekha. Popita njinga ya hayala, pobwera wapansi mpaka kuno ku Kapata, komboni yathu ya mu Chipata. Mawondo.

Mkati ma sidi awiri, pepala losaina, ndi kalata ya Jenny, mayi wa ku Lusaka amene akuimira kampani yakunja imene ikufuna kutulutsanso chimbale chathu. Sidi imodzi yalembedwa A, inayo B. Akuti A ndi chimbale monga chinatulukira mu 1976, angochotsako kukanda kwa singano. B achisakaniza mwatsopano kuchokera pa matepi eni ake a mu situdiyo, amene anapezeka m'kabati kwa ana a malemu injiniya wathu. Rimikisi, akutero. Adzatulutsa chimodzi chokha. Tisankhe, tisaine, pepala libwerere pofika pa 25.

Tisankhe ndani? Mu bandi yathu, Ma Kanjala, tinali anayi. Achimwene anga Gabrieli, mawu ndi gitala: anatisiya 1991. Paison wa ogani: 1988. Tatsala awiri. Ine Howard wa ng'oma, ndi wa besi amene pa chikuto analembedwa "Keith K." Keith kulibe, sanakhalepo n'komwe. Ndi Ilyas, wa shopu ya zitsulo ku Down Shops, amene tawuni yonse tsopano imamutcha a Haji. Ofunika kusaina ndife atatu: ine, iye, ndi alamu Edita, mkazi wa achimwene, m'malo mwawo. Tigwirizane pa chimodzi, apo ayi palibe chotuluka.

Malaiti kulibe kuyambira dzulo. Ma sidi ali pa tebulo, ndikungowatembenuza. Mkazi wanga Maliya akuti, "Muwakanda asanalire n'komwe, bambo a Limbani. Asiyeni."

Kutentha.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Malaiti 11 mpaka 14. Maliya wathamangira simbi ndi kutchaja mafoni, ine wailesi ya sidi. Ndayamba ndi A.

Ndife amene. Phokoso lomwe lija, ngati anthu anayi atsekeredwa m'tanki ya madzi. Gitala ya achimwene ikulira ngati macheka, yaphimba zonse. Mawu awo kutali, ngati akuimbira kuseri kwa khoma. Besi umaimva m'mimba, osati m'makutu. Ng'oma zanga makatoni enieni. Tinali ndi masiku awiri okha mu situdiyo, injiniya maso ali pa wotchi, ife njala.

Chimbale changa chinasweka posamuka ku Mchini, 1995. Chichokereni apo nyimbozi ndimangozimva m'mutu. M'mutu zinali zazikulu kuposa izi.

Koma yachitatu, "Lole ya ku Mwami". Apo pokha ndaimirira osadziwa. Imayamba molemera, lole ikukwera chitunda ndi katundu, kenako mtsetse, liwiro kumangokula, kumangokula, mpaka yagwera kumapeto. Ku holo ya Kapata anthu ankagwa nayo pansi, nsapato kuuluka. Mtima wanga wathamanga nayo lero, zaka 71. Ndakhala pansi msanga.

B sindinafike. Khutu lakumanzere likulira ngati nyenje.

Lachinayi, 10 Okutobala

Dzulo mdima wa masana, malaiti osabwera konse. Lero maola awiri.

B.

Ndiyambire pati.

Aliyense amuimika payekha. Gitala kumanja, ogani kumanzere, pakati danga loti munthu n'kudutsa. Mawu a achimwene apa, pafupi, ngati akhala pa mpando wa Maliya. Mpweya ukumveka akamaukoka asanayambe mzere. Kamluzu kaja kotulukira pa dzino losweka. Dzinolo ndinali nditaliiwala. M'bale wanga weniweni, ine n'kuiwala dzino.

Ndiye besi. Ilyas ankaimba zonsezi? Zaka zinayi ndinali naye pa siteji imodzi, osamva. Mu A ndi kugunda chabe. Mu B ikuyenda, ikukwera, ikuwayankha achimwene, pena ikuwaseka. Katswiri weniweni pakati pathu anali iye. Ndalemba, sindifufuta.

Ng'oma zanga zikumveka ngati za munthu wolemera. Zoyera, zonenepa. Koma pa "Lole" pali chinachake. Lole sikutsetsereka. Ikuyenda liwiro limodzi kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngati yanyamula bokosi la maliro. Ndabwereza katatu. Mwina ndi khutu langali.

China. Nyimboyo isanayambe asiyamo zolankhula za mu situdiyo, zimene mu A mulibe. Mpando kukwekwesa. Paison kutsokomola. Kenako achimwene, akuseka: "Ilyas mwana wa a Sale, tiye iwe! Atate ako sangamve kuno ku Lusaka." Kuseka kwina. Ndiye Ilyas, mawu a mnyamata: "Yamba, Howard."

Maliya anali pakhomo ndi beseni la zovala. Analiika pansi. "Awo ndi alamu," anatero. Patapita kanthawi: "A Haji akudziwa kuti dzina lawo lilimo?"

Sakudziwa.

Loweruka, 12 Okutobala

Ku Chiparamba kwa alamu Edita. Minibasi yodikira kudzaza ola lathunthu. Fumbi mpaka m'mano. Minda yakonzedwa, youma gwa. Wailesi pa miyendo, mabatire atsopano m'thumba.

Alamu aonda. Shuga. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza wa mbewu. Ndinafotokoza zonse, pepala, ma sidi awiri, tsiku la 25. Anangoti ikani.

A. Anamvetsera nyimbo imodzi, manja osaleka ntchito. "Phokoso ili ndinalimva mokwanira," anatero. "Ndi limene linkandilanda mwamuna Lachisanu lililonse."

B. Ndinalumphira pa yachitatu. Mpando, chifuwa cha Paison, kenako achimwene. Manja anaima. Mtedza unagwa m'chitenje.

"Bwezani, alamu."

Ndinabweza. Nyimbo ikangoti iyambe, bwezani. Kasanu ndi kawiri. Nyimbo yeniyeniyo sanaifune n'komwe. Masekondi khumi ndi awiri, ndinayang'ana pa kagalasi ka wailesi.

Sanalire. Anati chithunzi ali nacho, jekete lachikopa likadali m'sutikesi, koma kuseka kwa munthu kulibe poika. "Ndikayesa kukumbukira mmene ankasekera, ndimamva kuseka kwanu, alamu. Mumafanana, koma si komweko. Ndimadziwa kuti si komweko, koma kwawoko kunandithawa."

Anasaina pa B. Dzina lonse, pang'onopang'ono, pepala lili pa bondo. Ndinawauza za Ilyas, kuti mwina akana chifukwa cha dzina. Anandibwezera pepala.

"Zimenezo mukambirane amuna nokhanokha. Ine mwandibweretsera mwamuna wanga pakhomo. Musamutengenso."

Koma ndinamutenga, sidi ndi imodzi. Anandiperekeza mpaka pa msewu, ine wailesi m'khwapa, iwo maso ali pa wailesi. Anandipatsa mtedza m'kapulasitiki. Kubwerera pa lole ya njerwa, minibasi kunalibe. Msana.

Lolemba, 14 Okutobala

Ndamuimbira Jenny. Wansangala, waulemu, amdala apa amdala apo.

Za "Lole". Si khutu. "Ee amdala, mainjiniya akunja anakonzako. Munkathamanga pang'ono, ndiye kompyuta yawongola ng'oma, zina zonse n'kutsatira." Ndinafunsa kuti nyimbo zingati. Anakayang'ana. Zisanu mwa zisanu ndi zitatu. Akuti n'zachizolowezi, amachitira ngakhale oimba otchuka, ndisadandaule.

Za zolankhula. Akuti kampani imazikonda kwambiri, nyimbo imeneyo ndi imene idzayambe kuikidwa pa intaneti, pamodzi ndi kusekako. Kuchotsa sangavomere. B ndi B mmene ilili. Tikafuna zopanda dzina, A ilipo. Malipiro ndi omwewo kaya titenga iti, choncho nkhani si imeneyo.

Zisanu mwa zisanu ndi zitatu.

Malaiti atabwera ndinatenga wotchi ya Maliya, kuwerenga kugunda pa mphindi imodzi. Chimbale A. "Lole": poyamba 104, pomaliza 138. Chabwino, imeneyo tinkafuna. Koma "Irene wa ku Positi", nyimbo yachikondi, yopanda lole, yopanda mtsetse: poyamba 88, pomaliza 101. Imeneyo anafuna ndani?

Ndiye ndayamba kukayika ndi "Lole" yomwe. Tinkafunadi? Kapena ndinkangolephera kudzigwira, achimwene n'kupeka nkhani ya mtsetse pofuna kuphimba mng'ono wawo? Anali otero. Wowafunsa palibe.

Bandi itatha ndinayendetsa lole ya fodya zaka 26. Tsiku lililonse ndinkadziuza kuti ndine woimba ng'oma amene akuyendetsako lole. Mwina ndinali dalaivala amene anaimbako ng'oma.

Maliya akuti ndidye. Sindikufuna.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ku Down Shops.

Ine ndi Ilyas timaonana pa maliro. Moni, ana ali bwanji, basi. Za bandi sitinatchulepo kuyambira 1977, pamene atate ake, a Sale, anadwala, iye n'kutenga shopu n'kugulitsa besi. Mdalayo anamwalira osadziwa za bandi. Ankadziwa kuti mwana wapita ku Lusaka kukagula katundu. Katundu ankagulidwadi m'mawa, masana situdiyo. Kuno kwathu pa siteji Ilyas ankaima kuseri kwa sipika, chipewa mpaka m'maso. Amene ankamuzindikira ambiri ali kumanda. Otsala anaiwala dala.

Shopu yodzaza, anthu akulimbirana ma sola. Anandilowetsa ku kaofesi kumbuyo, n'kutseka chitseko. Ndevu zoyera, kofia yoyera, madzi ofunda m'kapu. Ndinafotokoza.

"Keith asaine," anatero. "Kamufuneni."

Sindinaseke. Ndinamuuza mawu a achimwene ndendende mmene alili pa tepi. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

A asaina, ngakhale lero. B ayi. Ndinati kodi ndi za kumzikiti. Anapukusa mutu. "Akulu anzanga angandiseke sabata imodzi, basi. Ena mwa iwo ndinkawaona akuvina ku holo, ine ndili pamwamba."

Nkhani ndi Safiyya, mwana wake wotsiriza. Ali ndi zaka 19 anafuna kukaphunzira za nyimbo ku Lusaka. Ilyas anakana. Anamuuza pamaso pa amayi ake kuti m'banja la a Sale munalibe woimba, mulibe, ndipo simudzakhala. Mwana anapitabe. Tsopano amaphunzitsa nyimbo pa sukulu ina ku Lusaka. Zaka zisanu ndi chimodzi osaponda Chipata, ngakhale pa Idi. Amalankhula ndi amayi ake okha, a Mwasiti, pa foni.

"Ukufuna akamve pa intaneti, pakati pa anzake, kuti atate ake ndi wabodza?"

Ndinafunsa chifukwa chimene anamukanizira, iye amene ankaimba chotero. Sindikanafunsa. Anayankha mosakweza mawu. "Ndinaona zimene zinamuchitira Paison. Ndinaona zimene zinawachitira achimwene ako. Ndinanyamula nawo mabokosi onse awiri."

Zoona. Mabala, mowa, matenda. Koma kumva wina akuzinena.

Ndinamuuza za alamu, za kubweza kasanu ndi kawiri. Wina anagogoda kufunsa mtengo wa waya. "Ukawapepese alamu," anatero. Sidi anakana kuigwira n'komwe. Akuti nyimbozo sanamvere kuyambira '77, sayamba lero.

Ndinatuluka ndi pepala lomwelo. Dzuwa pamutu. Ndinakhala pang'ono pa khonde la shopu ina, kenako kunyumba.

Lachisanu, 18 Okutobala

Alamu B. Ilyas A. Masiku asanu ndi awiri.

Alamu aimba dzulo pa foni ya aneba awo. Kodi a Haji asaina? Ndinati tikukambirana. Jenny waimba kawiri. Tikukambirana.

Malaiti maola atatu, ndawathera ndikusintha ma sidi ngati wamisala. A, B, A, B. Pa "Nsapato za Paison" ogani mu A imalira ngati yalowa madzi, ndipo ndi mmene inkalirira, inalowadi madzi ku Katete. Mu B aipukuta, ikumveka ya m'tchalitchi. Paison akanaseka. Pa nyimbo yomaliza mu A gitala imasweka mawu pamwamba, sipika ya injiniya inali itatopa. Mu B yosalala. Yokoma, inde. Koma achimwene ankafuna kuswekako, ankaponda kabokosi kawo kosinthira mawu a gitala mpaka chidendene kutupa.

Komabe mu B muli mpweya wawo. Muli dzino. Muli besi.

Maliya akusita malaya anandifunsa, "Nanga inuyo mukufuna chiti?" Palibe anali atandifunsa. Ndinayamba za alamu, za Ilyas. Anati ayi, inuyo.

Mu A sindimveka. Mu B ndikumveka, koma si ine.

Piritsi la BP ndaiwalanso kumwa.

Lolemba, 21 Okutobala

Cha m'ma 10 galimoto pakhomo. Ilyas. Sanafikepo pano chimangireni nyumba ino. Wanyamula batire la sola ndi kabokosi kake. Akuti anamva kuti ku Kapata malaiti avuta kwambiri, abwere ayese ngati katundu watsopanoyu akugwira. Maliya anamupatsa mpando, n'kupita kwa aneba kukabwereka chinthu chimene sitikuchisowa.

Analumikiza yekha mawaya. Anakhala. "Ika. A poyamba."

Chimbale chonse, maso otseka. Nkhope ngati ali pa msonkhano. Koma zala ziwiri za dzanja lamanja pa bondo, zikuyenda zokha. Sanaphonye ndi pamodzi pomwe. Ndinayang'ana kumbali.

Kenako B. Pa nyimbo yoyamba besi italowa anatsegula maso, kuyang'ana wailesi ngati yamutukwana. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu. Mpando, chifuwa, achimwene. Anagwira pakamwa. Mapewa kugwedera. Sindinadziwe ngati akuseka. "Gabrieli chitsiru," anatero, n'kupukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo.

Nyimbo inayamba. Isanafike pakati: "Imitsa. Ng'omazi azichita chiyani?"

Ndinamuuza. Kuti ndinkathamanga, kompyuta yandiwongola. Kuti ndinawerenga ndekha ndi wotchi, n'zoona.

Sindinamuonepo atakwiya chotero, ngakhale kale. Anaimirira.

"Unkathamanga chifukwa ndinkakukankha ine! Tinapangana kuseri kwa garaja ya amalume ako, sabata yathunthu tikuyeserera. Besi itsogole, iwe undithamangire, Gabrieli agwere pamwamba pathu. Unkadandaula kuti manja akuwawa. Waiwala?"

Ndinali nditaiwala. Garaja ndikuikumbukira tsopano. Matayala, fungo la oyilo, iye atakhala pa injini yakufa.

"Tamvera zimene achita. Awongola iwe, ine andikokera m'mbuyo ngati mbuzi ya pa chingwe. Lole yanji yopanda mtsetse?"

Ndinafunsa za "Irene wa ku Positi". Anaiika yekha, A kenako B. Anaganiza.

"Apa unkathamangadi," anatero. "Unkamufuna Irene, nyimbo ithe msanga ukamuperekeze. Apa akonza bwino."

Ndinaseka mpaka chifuwa. Koyamba mwezi uno.

Tinamaliza B yonse. Pomaliza anayang'ana zala zake. Anati sankadziwa kuti zinkamveka chotero, mu situdiyo ankangomva gitala ya Gabrieli basi. Ndinamuuza zimene ndinalemba pa 10, kuti katswiri anali iye. Anati ndisiye zopusa.

Sanasaine. Anatulutsa B mu wailesi, kuiika m'kachikwama kake, m'thumba la pachifuwa. "Ndabwereka." Batire walisiya.

Lachinayi, 24 Okutobala

Tsiku la ufulu, zaka 60. Malipenga akumveka kuchokera ku bwalo. Sindinapite. Wa ng'oma yaikulu amachedwa, ndikumumva ndili pano.

Ilyas zii. Foni yake yozima. Dzulo ndinapita ku shopu, akuti a Haji achokapo. Maliya wakumana ndi a Mwasiti ku maketi. Akuti Ilyas anakwera basi ya ku Lusaka Lachiwiri m'mawa, osanena zambiri, kachikwama kamodzi. A Mwasiti nawo maso ofiira.

Jenny waimba kanayi. Sindinayankhe. Alamu kamodzi. Ndinayankha, ndinanama kuti zili bwino.

Pepala lili pa tebulo, dzina limodzi. Mawa 25. Ndatopa ndi chimbale chimene ndinachimaliza ndili ndi zaka 23.

Lachisanu, 25 Okutobala

Ilyas waimba cha m'ma 13, ali ku Lusaka.

Akuti anafika pa geti ya sukulu, n'kudikira maola awiri mpaka ana ataweruka. Safiyya anamuona, sanathamange, sanathawenso. Kunyumba kwa Safiyya, Ilyas anangoika sidi. Mwana anamvetsera chimbale chonse ataimirira. Pa dzina lija anabweza kamodzi. Pomaliza funso limodzi lokha: besiyo munagulitsa kwa ndani?

"Sanandikhululukire, Howard. Usalembe m'mutu mwako kuti wandikhululukira. Ananena zambiri Lachitatu, zonse zoona. Koma wandipatsa tiyi, ndipo ndikugona kwake."

Lero m'mawa apita onse awiri ku ofesi ya Jenny. Wolankhula anali Safiyya, akuti amadziwa chinenero cha mainjiniya. Zofuna zathu: B, kuseka kukhale, "Lole" aibwezere liwiro lake, "Keith K." achoke alembe Ilyas Sale. Zathu, akutero, ine osafunsidwa. Koma ndi zomwezo. Jenny akuti atumiza kunja. Akavomera, chimbale chichedwa mpaka chaka chamawa. Akhozanso kukana, n'kusiya zonse. Pepala latsopano libwera pa basi Lolemba.

Ndawaimbira alamu kudzera kwa aneba. Ndanena zoona ulendo uno, ndi za kukana zomwe. Anati, "Auzeni afulumire. Shuga sadikira kampani."

Foni ya Ilyas isanaduke analanda Safiyya. Mawu ngati a agogo ake a Sale, olimba. Anandipatsa moni mwaulemu, kenako nkhani. Akufuna kuphunzitsa "Lole" ana a kalasi yake, koma mtsetsewo sungalembeke pa pepala, ayenera kuuona ndi maso. Abwera mu Disembala sukulu ikatseka. Abwereka besi ya kusukulu, ng'oma akapempha kutchalitchi china kuno. Inu ndi atate mundionetse, kamodzi kokha. Kumbuyo Ilyas akukuwa, "Ine sindinavomere!"

Ndinati ee. Pakamwa panayankha pokha.

Sindinamuuze kuti manja awa sanagwire ndodo kuyambira 1979. Kuti chala chapakati sichipindika m'mawa. Kuti khutu limodzi ndi nyenje zokhazokha. Ndayesa pa tebulo Maliya ali panja. Pa 104 ndikufika. Pa 120 dzanja lamanzere likutsalira.

Masabata asanu ndi awiri. Mawa ndipite kwa kalipentala wa kuseri kwa maketi, ndikafunse ngati angandisemere ndodo ziwiri. Zopepuka, osati za mukwa, mukwa umalemera. Mwina za paini.